Mabungwe Ogwirizanitsa Ayuda ndi Aluya: Phunziro la Kugwirira Ntchito Limodzi

Abwenzi, tiwerenge ndimezi mosinthana, kenaka tikambirane mafunso amene ali kumapeto.

1. M'dziko la Israel, mwa nzika zisanu zilizonse mmodzi ndi Mluya. Ana ambiri Achiyuda amaphunzira m'Chiheberi, ana Achiluya m'Chiarabu, m'sukulu zosiyana, ndipo mabanja ambiri amakhala m'matauni osiyana. Mwana akhoza kukula mpaka kukafika ku yunivesite asanakhalepo pabenchi limodzi ndi mnzake wa mtundu winawo. Pamene anthu sadziwana, mantha ndi mphekesera zimamera msanga.

2. Anthu ena sanafune kuti zinthu zikhale choncho. Mu 1963 ku Haifa, mzinda umene timaudziwa bwino chifukwa cha Likulu la Chibahá'í, kunatsegulidwa nyumba ya chikhalidwe ya Beit HaGefen yosonkhanamo Ayuda ndi Aluya. Wansembe Bruno Hussar anayambitsa mudzi wa Neve Shalom, umene m'Chiarabu umatchedwa Wahat al-Salam, momwe mabanja a mitundu iwiriyi amakhala pamodzi. Mu 1997 Amin Khalaf ndi Lee Gordon anakhazikitsa bungwe la Hand in Hand, ndipo chaka chotsatira anatsegula sukulu ku Jerusalem ndi ku Galileya zophunzitsa m'zilankhulo zonse ziwiri.

3. M'kupita kwa zaka kunadziwika kuti kukumana kokha sikuchiritsa chidani. Katswiri wa maganizo a anthu Gordon Allport anali atafotokoza kale mu 1954 kuti tsankho limachepa pamene okumanawo ali ofanana pa ulemu, ali ndi cholinga chimodzi, akuthandizana, ndiponso akuluakulu akuwathandizira. Misonkhano yambiri sinkakwaniritsa zimenezi. Zokambirana zinkachitika m'Chiheberi, otsogolera ambiri anali Ayuda, ndipo anthu akadyera pamodzi ndi kujambulitsa zithunzi, aliyense ankabwerera kwawo, wina ku tauni ya misewu yabwino, wina ku mudzi wa makalasi othithikana. Mu Okutobala 2000 apolisi anapha Aluya 13 pa zionetsero. Komiti yofufuza ya boma, yotsogoleredwa ndi woweruza Theodor Or, inanena mu 2003 kuti nzika Zachiluya zakhala zikunyalanyazidwa ndi kusalidwa kwa zaka zambiri. Apa mabungwe ambiri anazindikira kuti ubwenzi wopanda chilungamo sukhalitsa.

4. Ntchito inayamba kugwiridwa mwaluso. Bungwe la Sikkuy, lokhazikitsidwa mu 1991, lili ndi atsogoleri awiri a mphamvu zofanana, Myuda ndi Mluya. Antchito ake amafufuza bajeti ya boma ndi kuwerengetsa kuti mwana wasukulu, msewu kapena basi zikulandira ndalama zingati m'tauni Yachiyuda ndi zingati m'tauni Yachiluya, kenaka amapita ndi manambalawo kwa akuluakulu a maunduna. Sukulu ya Mtendere ya ku Neve Shalom, yoyambitsidwa mu 1979, imaphunzitsa otsogolera zokambirana kuti azigwira ntchito awiriawiri, mmodzi wa mtundu uliwonse. Bungwe la Shatil lakhala likuphunzitsa mabungwe ang'onoang'ono kuyambira mu 1982 momwe angakonzere mapulani, kusunga mabuku a ndalama ndi kupeza thandizo. Mu Disembala 2015 boma linavomereza Chigamulo 922, dongosolo la zaka zisanu la masekeli oposa 10 biliyoni otukulira madera Achiluya. Mameya Achiluya ndi mabungwe otere anali atakankha nkhaniyi kwa nthawi yaitali.

5. Vuto lina linali lakuti mabungwe ambiri ankalimbirana opereka ndalama omwewo, ena akubwereza ntchito imodzimodzi m'dera limodzi, osauzana zimene aphunzira. Mutu umodzi susenza denga. Mgwirizano wa ALLMEP unasonkhanitsa mabungwe oposa 100 a Aisraeli ndi Apalestina kuti azigawana luso ndi kulankhula ndi mawu amodzi. Unatengera chitsanzo cha thumba la ndalama limene linakhazikitsidwa mu 1986 pothandiza mtendere ku Ireland. Mu Disembala 2020 nyumba ya malamulo ya ku America inavomereza lamulo lopatula madola 250 miliyoni kwa zaka zisanu pa ntchito zotere. Bungwe limodzi palokha silikanamveka mpaka kumeneko.

6. Tisaiwale kuti luso lili ndi msampha wake. Bungwe likazolowera kulemba malipoti okoma, likhoza kuyamba kumvera wopereka ndalama koposa anthu amene likuwatumikira. Ndipo mayeso enieni amadza pa tsiku loipa. Mu Novembala 2014 anthu otentheka maganizo anayatsa moto kalasi ya ana aang'ono pa sukulu ya Hand in Hand ku Jerusalem, koma makolo sanasiye kutumiza ana awo. Mu Meyi 2021 kunabuka ziwawa pakati pa anthu oyandikana nyumba m'mizinda ya Lod ndi Akka, ndipo nkhondo imene inayamba mu Okutobala 2023 yakulitsa mantha mbali zonse. Pa nthawi ngati zimenezi lipoti silingagwire munthu dzanja. Chimene chimagwira ntchito ndi chikhulupiriro chimene anthu anamanga pang'onopang'ono zinthu zisanaipe.

Mafunso okambirana

a) Mwa zinthu zinayi zimene Allport anatchula, ndi chiti chimene chimasowa kawirikawiri pa misonkhano yogwirizanitsa anthu?

b) Kukhala ndi atsogoleri awiri ofanana mphamvu kuli ndi ubwino wanji, nanga kumachedwetsa zinthu motani?

c) N'chifukwa chiyani manambala a bajeti amatha kusuntha boma kuposa madandaulo?

d) Kodi bungwe lingadziwe bwanji kuti layamba kutumikira wopereka ndalama m'malo mwa anthu?

e) Pamene tisonkhana anthu a zilankhulo zosiyana, ndi chilankhulo cha yani chimene chimalamulira, ndipo ndani amene amakhala chete?