Kuzindikira Mtundu wa Manthu wa Nyerere M'kalasi

Mvula yoyamba ikagwa, ana amabwera kusukulu ndi tizilombo ta mapiko m'timabotolo. Pakati pawo sipalephera kukhala mmodzi wokonda kuŵeta nyerere, amene adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, kodi manthu ndagwirayu ndi wa mtundu wanji?" Mphunzitsi wosakonzeka amafulumira kutchula dzina poopa manyazi. Koma mitundu ya nyerere yodziŵika pa dziko lapansi ndi yoposa 13,000, ndipo yankho lolakwika lingaphetse kachilomboko ndi kumfooketsa mwanayo. Udindo wanu ndi kuphunzitsa ana kupenyetsetsa asanatchule dzina.

Zipangizo: galasi lokulitsira zinthu, rula, timabotolo toonekera m'kati, thonje ndi madzi.

Kaphunzitsidwe: Gaŵani ana m'magulu, ndipo lembani pa bolodi mafunso anayi otsatiraŵa. Gulu lililonse liyankhe funso limodzi lisanapite pa linzake.

1. Kodi ndi nyerere kapena ngumbi? Ngumbi ndi chiswe chouluka. Tinyanga take ndi toongoka, ilibe chiuno, ndipo mapiko ake anayi ndi ofanana kutalika. Nyerere ili ndi tinyanga topindika ngati chigongono, chiuno chaching'ono, ndi mapiko akutsogolo aakulu kuposa akumbuyo. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa woŵeta: ngumbi yaikazi siyambitsa chulu popanda yaimuna, pamene manthu wa nyerere amasunga mbewu ya yaimuna m'thupi mwake moyo wake wonse.

2. Kodi ndi manthu kapena yaimuna? Manthu ali ndi chifuŵa chachikulu, ndipo akakwerana ndi yaimuna amathothola mapiko ake, n'kutsala ndi tizipsera m'mbali mwa chifuŵa. Yaimuna ili ndi mutu waung'ono ndi maso aakulu, ndipo imafa patapita nthaŵi yochepa. Chenjerani ndi chilombo chofiirira, cha mimba yaitali, chimene chimagwa pa nyali usiku. Ana amachiyesa manthu, koma ndi linthumbu laimuna. Manthu wa linthumbu samera mapiko.

3. Kodi pachiuno pali timfundo tingati? Apa ana agwiritse ntchito galasi lija. Nyerere za m'gulu la Camponotus zili ndi kamfundo kamodzi, pamene za m'magulu a Pheidole ndi Carebara zili ndi tiŵiri.

4. Kodi ndi wamtali bwanji, ndipo anapezeka kuti? Ana ayese ndi rula, alembenso tsiku, malo ndi maonekedwe a khungu. Chitsanzo chodziŵika kwa ana ambiri ndi mafulufute, amene Frederick Smith adaŵapatsa dzina la sayansi loti Carebara vidua mu 1858. Manthu wake amafika pafupifupi masentimita 2, koma antchito ake ndi ang'onoang'ono kwambiri, a mamilimita 2 okha kapena kucheperapo. Mwana amene wangoona manthuyo sangaganize kuti tinyerere timeneti ndi ana ake.

Ntchito yotsatira: Thirani madzi pang'ono m'kabotolo, tsekerani madziwo ndi thonje, ikani manthu pouma, ndipo tsekani kukamwa ndi thonje lina. Sungani kabotoloko pamdima ndipo ana asamakagwedeze. Amanthu a mitundu yambiri sadya kanthu kufikira antchito oyamba ataswa, chifukwa thupi lawo limadya minofu ya mapiko imene yatha ntchito.

Mafunso anayiŵa akhoza kukufikitsani pa gulu la nyerere, koma dzina lenileni la mtundu limatsimikizika kaŵirikaŵiri antchito akabadwa, popeza akatswiri amadalira kwambiri maonekedwe a antchitowo. Tsono musachite manyazi kuuza mwana kuti, "Tiyembekeze masabata angapo, kenaka tidzaonenso." Mwana amene walemba zimene waona, nadikira umboni, waphunzira sayansi kuposa amene wangoloŵeza dzina. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.