TIZIROMBO TA MAMBA PA MITENGO YA ZIPATSO

Alimi ambiri a kwa Nkomeshya, m'boma la Chongwe, ali ndi malalanje, mandimu ndi mango pakhomo, ndipo zipatso zace amakagulitsa ku Chongwe kapena ku msika wa Soweto ku Lusaka. Koma lalanje lakuda ndi mwaye wogula amangolipitirira. Phunziro la lero likunena za mdani amene amadetsa zipatso zotere.

Kumzindikira mdaniyu

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tembenuzani tsamba, ndipo muyang'anitsitse pa nthambi zanthete. Mukaona timabanga tomatirira ngati mamba a nsomba, palani ndi cikhadabo. Tikamatuka, dziwani kuti si nthenda ai, koma tizirombo tamoyo toyamwa madzi a mtengo.

Tiripo ta mitundu iwiri. Ta cikamba colimba ndi tating'ono, monga mamilimita 2. Tofiirira timakonda malalanje ndi mandimu, toyera timakonda mango. Ta cikamba cofewa timaturutsa madzi otsekemera, ndipo pa madzi amenewa pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Masamba amacita cikasu nayoyoka, ndipo nthambi zimayamba kuuma kunsonga.

Yang'anani nyerere

Nyerere zikamakwera ndi kutsika mumtengo, pali cimene zikutsata. Zimamwa madzi otsekemera aja, ndipo zimapirikitsa abwenzi a mlimi, ndiwo tizikumbu tamawanga ndi timabvu tating'onoting'ono timene timapha tizirombo ta mamba. Abwenzi amenewa musawapeputse. Ku California m'caka ca 1889 kacikumbu kocokera ku Australia kanapulumutsa minda ya malalanje imene inali pafupi kutha. Kuno ku Zambia nako, m'zaka za m'ma 1980, kabvu kocokera ku South America ndiko kanagonjetsa kodikodi wa cinangwa.

Zoyenera kucita

1. Pogula mbande, onani tsamba liri lonse. Mdaniyu kawirikawiri amalowa m'munda pa mbande.

2. Dulani nthambi zogwidwa kwambiri ndi kuzitentha. Dulaninso zokhudza pansi, pakuti ndizo mlatho wa nyerere.

3. Mangani kansaru kapena pulasitiki pa thunthu, ndi kupakapo girizi. Girizi asakhudze khungwa.

4. Sakanizani makapu 2 a mafuta ophikira ndi theka la kapu la sopo wamadzi. Thirani supuni yaikuru imodzi ya msanganizowu mu lita imodzi ya madzi, ndipo mupopere mpaka masamba anyowe pansi ndi pamwamba. Mafuta amatseka mpweya wa kacirombo. Bwerezani patapita masabata 2, cifukwa tiana tongobadwa kumene, tisanamere cikamba, ndito timafa msanga.

5. Poperani madzulo, mutathirira mtengo. Pa dzuwa la October mafuta amawaula masamba. Mtengo ukakhala pa maluwa, yembekezani.

Cenjezo

Musathamangire mankhwala aukali. Kacirombo kobisala pansi pa cikamba kamapulumuka, koma abwenzi aja amafa, ndipo bvuto limabwera lalikuru koposa poyamba. Zikakukanikani, tengani kanthambi kogwidwa mukaonetse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Iye akhoza kufunsa akatswiri a ku Mount Makulu, ku Chilanga.

Yenderani mitengo yanu kamodzi pa sabata. Kacirombo koonedwa pa nthambi imodzi kamatha ndi mpeni. Kakafalikira mtengo wonse, mwataya zipatso za caka cathunthu.