Khanda likamatsika shuga m'magazi

Lero tikambe za matenda osowa, obadwa nawo, otchedwa congenital hyperinsulinism. Kapamba wa khanda amatulutsa insulini osaleka, mpaka shuga m'magazi amatsikiratu. Nthawi zambiri gwero lake ndi vuto m'majini a ABCC8 kapena KCNJ11.

Penyetsetsani mwanayo: wafooka, akuyamwa mwaulesi, timanja tikunjenjemera, mwina wayamba kugwidwa ngati wa khunyu. Ena amangoti ndi tulo. Ayi ndithu! Ubongo wa khanda umadalira shuga, ukamusowa umawonongeka.

Ngati akutha kuyamwa, muyamwitseni, kenako thamangirani kuchipatala. Kapempheni kuti amubaye pang'ono pachidendene, amuyeze shuga. Madokotala amayamba ndi diripi ya shuga, kenako mankhwala a diazoxide. Ana ena amafunika opaleshoni ya kapamba.