Kodi ndingatsutse kutumiza asilikali ku Congo?

Funso: A loya, mwana wanga ndi msilikali ndipo ndikuopa kuti adzamutumiza ku Democratic Republic of Congo. Foni ikalira usiku, mtima umangoti phwii. Nkhondo ya eni ake tikuferanji? Kodi ndikalankhula poyera andimanga?
Mayi wodandaula, Zomba

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Mu Januwale 2025 asilikali athu anafa pankhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi Goma, ndipo mu Malichi SADC inathetsa ntchito ya gulu lake lankhondo kumeneko. Asilikali amapita kunja chifukwa cha mapangano a dziko lino ndi SADC komanso United Nations. Wowalamula ndi Pulezidenti, choncho mawu anu alunjike kumeneko.

Simuyenera kumangidwa chifukwa cholankhula. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wonena maganizo anu, ndipo gawo 38 limalola zionetsero zamtendere. Lemberani kalata phungu wa dera lanu kuti akaitule ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Mukafuna kuyenda pamsewu ndi makolo anzanu, dziwitsani a DC mwa kalata kutatsala maola osachepera 48.

Koma chonde musamuuze mwana wanu kuti athawe ntchito. Kwa msilikali umenewo ndi mlandu waukulu. Musaikenso pa Facebook za komwe gulu lake lili.

Wina akakuopsezani, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission kapena ku Legal Aid Bureau. Ngati tulo tasowa kwa masabata angapo, pitani kuchipatala.