Muyeso Woona pa Pepala la Mmisiri

Lero mmisiri wokhoma maboti ku Nkhotakota angathe kujambula nthiti za boti pa kompyuta, nazisindikiza pa mapepala kuti azitsata podula matabwa. Koma makina osindikizira amakonda kuchepetsa chithunzi kuti chikwane pa tsamba. Akachichepetsa ndi magawo 3 pa 100, nthiti ya mamita 2 iperewera masentimita 6.

Chifukwa chake mmisiri wanzeru alamula makinawo kusindikiza pa 100 peresenti, nayesa ndi rula mzere wa masentimita 10 umene anaujambula dala pambali. Mzerewo ukakwana, alumikiza masamba, nadula msanga, chinyezi cha kunyanja chisanakwinyitse pepala.

Pakuti Mwera ukauka, moyo wa asodzi utsamira pa muyeso umenewo. Kusamala kotere ndiko kukonda mnansi.