Saladi wozizira wa wodwala khansa amene akuvutika ndi nseru

Mwezi wa Okutobala ukafika, ngakhale munthu wabwinobwino amayamba waganiza kaye asanateme nsima yamoto masana. Nanga amene wangobwera kumene kolandira mankhwala a khansa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe? Iyeyo fungo la anyezi wokazinga likangotuluka kukhitchini, m'mimba mwatembenuka kale. Achibale timati, "Amayi, idyani kuti mupeze mphamvu," n'kuwaikira mitanda itatu ndi usipa wotuluka nthunzi. Mtima ndi wabwino, koma mbale yotere imabwerera momwe inapitira.

Chimene chimadzutsa nseru msanga ndi fungo, ndipo fungo limakwera ndi nthunzi. Chakudya chozizira sichimveka patali. N'chifukwa chake kambale ka saladi wa nkhaka ndi mango kamatha kulowa pamene ndiwo zina zonse zakanika. Saladiyu sachiza khansa ndipo sakhutitsa. Ntchito yake ndi kutsegula kukhosi kuti phala, mpunga kapena mbatata zipeze polowera.

Musanagwire mpeni, yambani ndi mapiritsi. Mankhwala a khansa, amene ambiri amangoti kemo, amavutitsa matumbo komanso amadzutsa mbali ya ubongo imene imachititsa munthu kusanza. Nseru ina imabwera m'maola 24 oyambirira. Ina imachedwa, n'kudzakula tsiku lachiwiri kapena lachitatu, wodwala ali kale kunyumba ndipo aliyense akuganiza kuti zadutsa. Cisplatin, amene amayi ambiri odwala khansa ya khomo la chiberekero amalandira, amadziwika ndi nseru yochedwayi. Kuchipatala amapereka mankhwala oletsa kusanza monga metoclopramide, ondansetron kapena dexamethasone. Wodwala amwe pa nthawi imene adokotala alemba, osadikira kuti ayambe wasanza, chifukwa nseru njosavuta kuitchinga kusiyana n'kuibweza itafika kale. Metoclopramide amagwira bwino akamwedwa mphindi 30 chakudya chisanafike. Ondansetron amatha kuumitsa m'mimba, ndiye zikatero auzeni anamwino, musangosiya mankhwala mwakachetechete.

Pa tsiku lolandira dripi lomwelo, gadiyani afunse funso limodzi: kodi wodwalayu akuloledwa kudya zaziwisi? Kemo amatsitsa asilikali a m'magazi olimbana ndi matenda, ndipo kawirikawiri amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala. Masiku amenewo tizilombo timene inu simungatimve n'komwe tikhoza kumugoneka wodwala m'chipatala. Akakuuzani kuti asilikaliwo atsika, saladi asinthe: karoti, zitheba ndi mbatata muziwiritse mpaka zipse, muzizizitse zili zovundikira, mudulire pamodzi. Kuzizira kuja kulipobe, koma zaziwisi mulibe.

Mukaloledwa, pitani kumsika m'mawa dzuwa lisanawombe malonda. Gulani zinthu zokhala ndi khungu loti musenda nokha: nkhaka imodzi yolimba, mango awiri ang'onoang'ono akupsa koma osafewa kwambiri, karoti mmodzi ndi ndimu. Mango oti apsa mpaka kuchucha ali ndi fungo lamphamvu, asiyireni ana. Chivwende chimalowa m'malo mwa mango bwinobwino, koma chikhale chathunthu. Zidutswa zodulidwa kale zimene amagulitsa m'mapepala apulasitiki m'mbali mwa msewu musaziyandikire, ngakhale zioneke zofiira bwanji. Letesi ndi kabichi wamuwisi ndimaziika pambali, chifukwa dothi limabisala m'mapindi a masamba ndipo kutsuka kwake n'kosadalirika. Anyezi wamuwisi ndi tsabola, zimene zimakometsa kachumbari wa anthu athanzi, muno mulibe malo ake.

Pa kutsuka m'pamene pagona nkhani. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa kuti madzi ooneka oyera si onse abwino. Sambani m'manja ndi sopo. Madzi otsukira akhale owiritsa n'kuzizira, kapena othira WaterGuard molingana ndi malangizo a pabotolo. Tsukani chipatso chilichonse musanasende, mukuchipukuta ndi zala pamene wina akukuthirirani madzi, osati kungoviika zonse m'beseni limodzi. Anthu ambiri amadabwa kuti kutsukiranji khungu loti litayidwa. Mpeni ukamadula umatenga zili kunja n'kuzilowetsa m'kati. Mpeniwo ndi thabwa lodulirapo zisakhale zimene mwangotumbulira nsomba kapena kudulira nkhuku. Ngati thabwa ndi limodzi pakhomo, dulirani pa mbale yadothi kapena yachitsulo yotsuka bwino.

Tsopano dulani. Karoti mumupale, mumudule timabokosi tating'ono ngati njere za chimanga, muwiritse mphindi zinayi kapena zisanu kuti asavute kutafuna, kenako azizire. Nkhaka muisende, muing'ambe pakati m'litali, muchotse njere ndi supuni. Njerezo ndi zimene zimachulukitsa madzi m'mbale, ndipo ena zimawachititsa kugeya. Lawani kachidutswa ka kumapeto, pakuti nkhaka ina imawawa, ndipo yowawa itayeni. Mango muwadule kukula kofanana ndi nkhakayo. Sakanizani zonse, thirani madzi a ndimu supuni yaing'ono imodzi, mafuta ophikira supuni yaing'ono imodzi, ndi mchere wongotsina ndi zala ziwiri. Basi. Mayonezi ayi: ndi wamafuta, amachedwa kugayika, ndiponso sachedwa kuwonongeka kukatentha.

Tsiku limene nseru yachepako, onjezani chomanga thupi, popeza wodwala khansa amaonda msanga ndipo nkhaka payokha ndi madzi chabe. Nyama ya pachifuwa cha nkhuku yowiritsa, yozizira, yonyotsolanyotsola, ndiyo imalowa mosavuta. Dzira lowiritsa mpaka kulimba lilinso bwino ngati fungo lake silikumuvuta. Peyala likapezeka, magawo angapo amawonjezera mphamvu popanda kukazinga kanthu. Nyemba muyese pang'ono kaye, poti ena zimawatupitsa m'mimba.

Ngati muli ndi furiji ndipo magetsi alipo, ikani saladiyu movundikira kwa mphindi 20 kapena 30. Ngati mulibe, ikani kambale kovundikirako m'beseni la madzi a mumtsuko, pamthunzi, madziwo asafike pa chivundikiro. Konzani wongokwana kudya kamodzi. Chakudya chodulidwa chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kumene kukutentha kuposa madigiri 32, monga zimakhalira ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima nyengo yotentha, ola limodzi lakwana. Saladi wa wodwala alibe mkute.

Kaperekedwe kake kamaposa kakonzedwe. Wodwala ayambe watsuka m'kamwa ndi kapu ya madzi ofunda momwe mwasungunula soda pang'ono ndi mchere wotsina, achukuche n'kulavula. Mukhazikeni pakhonde kapena pansi pa mtengo, kutali ndi mbaula. Mupatseni masupuni atatu kapena anayi m'kambale kakang'ono, chifukwa mbale yodzaza imatopetsa maso munthu asanayambe n'komwe. Ambiri olandira kemo amadandaula kuti m'kamwa mukumveka chitsulo. Supuni yapulasitiki kapena yamtengo imachepetsako zimenezo, ndipo kuwawasa kwa ndimu kumathandizanso. Madzi amwe pang'onopang'ono pakati pa chakudya china ndi chinzake, osati kukhuthula kapu yonse pakudya. Akatha, akhale tsonga kapena atsamire mapilo kwa ola limodzi, asagone chagada nthawi yomweyo.

Akadya masupuni awiri n'kukankha mbale, ichotseni osanena kanthu. Mawu oti "mwangodya zomwezi?" amapweteka kuposa mmene timaganizira. Pakapita maola awiri mubwere ndi china: buledi wouma, nthochi, phala lamadzimadzi. Kudya pang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku n'kwabwino kuposa kudikira nkhomaliro ndi mgonero, pakuti m'mimba mopanda kanthu namonso mumakulitsa nseru. Chinanso, tsiku limene nseru yavuta kwambiri musamukonzere chakudya chimene amachikonda koposa. Akachisanza, thupi limakumbukira, ndipo akhoza kudzachida kwa miyezi.

Za jinja amafunsa ambiri. Kafukufuku wa yunivesite ya Rochester ku America, amene anafalitsidwa mu 2012 ndipo anakhudza odwala 576, anapeza kuti theka la galamu mpaka galamu imodzi ya jinja pa tsiku, kuwonjezera pa mankhwala a kuchipatala, inachepetsa nseru ya tsiku loyamba. Akafukufuku ena sanaone kusintha kwenikweni. Ndiye muyeseni ngati chothandizira chabe: kachidutswa kosenda kowiritsa m'madzi, kuzizitsa, n'kumamwa pang'ono. Amene akumwa warfarin kapena amene magazi ake sakugwirana msanga afunse kaye adokotala. Mankhwala azitsamba ogulitsa m'mabotolo, aja amati amachiza zonse, asalowe m'nyumba popanda achipatala kudziwa.

Pali odwala amene saladiyu sawayenera momwe ndamulembera. Wa zilonda m'kamwa mumuchotsere ndimu ndi mchere, apo ayi adzalira ndi ululu, ndipo mumupatse zofewa monga papaya, peyala kapena nthochi yokanya. Amene akutsekula m'mimba asiye zaziwisi kufikira kutaleka, azimwa Thanzi ORS wosungunula mu lita imodzi ya madzi abwino. Wa khansa ya kummero, imene ndi yofala m'Malawi muno, akhoza kutsamwa ndi tizidutswa, choncho zake zikhale zopota kapena zosefa monga anamwino alangizira.

Ndipo pali nthawi yosiya zakukhitchini n'kufuna galimoto. Wodwala akamasanza chilichonse ngakhale madzi kwa tsiku lathunthu, akamalephera kusunga mapiritsi m'mimba, mkodzo ukachepa n'kukhala wakuda, akamachita chizungulire poimirira, kapena m'masanzi mukaoneka magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi likatentha kufika madigiri 38 musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwamupatsa Panado kuti muone ngati kutsike. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo pofika nenani msanga tsiku limene analandira kemo komaliza.