Chifukwa Chake Duwa la Iris Limasuluka

Lero ndikufuna tiphunzire za iris, duwa lomwe limalimidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America. Dzinali lidachokera ku Chigriki ndipo limatanthauza utawaleza. Olima duwali amadandaula kuti chaka china limatuluka lowala bwino, chaka china lotuwa. Kodi vuto lili pati?

Mtundu wa buluu ndi wapepo umachokera ku anthocyanin, amene amakhala m'madzi a m'maselo a duwa. Wachikasu umachokera ku carotenoid. Anthocyanin sapirira kutentha. Kukatentha pamene duwa likukonzekera kumasula, mmera umapanga anthocyanin wochepa, ndipo dzuwa loswa mtengo limawononganso wochepa yemweyo. Usiku kukamazizira, mtundu umagwira bwino. Kumbukiraninso kuti duwa lililonse limakhala masiku 2 kapena 3 okha, motero ladzana limaoneka lotuwa kuposa lalero.

Ena amaloza chala nthaka. Koma asidi wa m'nthaka sasintha mtundu wa iris monga achitira ndi duwa la hydrangea.

Tsono ndikukulangizani kuti musafulumire kuzula mmera chifukwa wasuluka, pakuti tsinde lake la m'nthaka likadali lomwe lija. Kumalo otentha, ubzaleni pomwe ungalandire dzuwa kwa maola 6 koma nkupeza mthunzi masana. Pakapita zaka 3 kapena 4, fukulani masindewo ndi kuwapatula, chifukwa iris woyera wamphamvu akapanikiza wapepo mpaka kumupha, mwini munda amayesa kuti maluwa ake asanduka.